Jackson Wake Uti?

Mumzinda wa Washington muli khoti la boma la America loyambira milandu momwe, kuyambira 2013 mpaka 2021, munkakhala majaji awiri aakazi a dzina limodzi: Amy Berman Jackson ndi Ketanji Brown Jackson. Panalibe chibale pakati pawo. Woyambayo anakhala pampando mu 2011, mnzakeyo anamupeza mu 2013, ndipo kwa zaka 8 ankaweruza milandu pansi pa denga limodzi. Iwo asanabwere, khoti lomwelo linali ndi Thomas Penfield Jackson, uja anazenga mlandu wa kampani ya Microsoft, yemwe anachoka mu 2004. Loya wa mumzindamo sangasokonezeke, poti zipinda amazidziwa, nkhope amazidziwanso. Wogwira njakata ndi munthu amene wakhala pakompyuta kutali ndi khotilo, kutsogolo kwake kuli milandu zikwizikwi, uliwonse pamzere wake, ndipo m'danga la woweruza mwangolembedwa kuti Jackson. M'mizere ina mulibiretu kanthu.

Ntchito ya munthu ameneyu ndi imene yandikopa. Dzina lake silimveka pawailesi, ndipo ntchito ikayenda bwino palibe amene amadziwa kuti anadutsapo. Ine ndimamutcha mmisiri, chifukwa amandikumbutsa kalipentala wodziwa ntchito, amene asanakhome msomali amayamba wagogoda thabwa ndi chala kuti amve pamene chiswe chinadya. Danga lopanda kanthu nayenso amayamba waligogoda. Kwa ife tonse mpata ndi mpata basi, koma khutu lake limamva kuti mipata imalira mosiyana.

Kuti luso lake limveke, tiyambe ndi kumene milanduyi imachokera. Makhoti a boma la America oyambira milandu alipo 94, a apilo 13, ndipo zikalata zawo zimapezeka pa intaneti kudzera mu njira yotchedwa PACER. Njirayi si yaulere: tsamba limodzi ndi masenti 10. Ndalama yooneka yochepa, koma wofuna kuwerenga milandu ya chaka chathunthu thumba limamuthera asanafike pakati. Mu 2009 akatswiri a payunivesite ya Princeton anapanga kapulogalamu kotchedwa RECAP, kamene munthu akagula chikalata pa PACER kamatumiza kope lake kunkhokwe ya aliyense, kuti wobwera pambuyo asalipirenso. Lero nkhokweyi ili m'manja mwa bungwe la Free Law Project, lomwe Michael Lissner ndi Brian Carver anayambitsa mu 2013, ndipo imapezeka pa tsamba la intaneti lotchedwa CourtListener. Ndi nkhokwe yodzazidwa ndi manja ambiri, aliyense kuthiramo chimene anakolola. Wina anabweretsa thumba lathunthu, wina kambale, wina chisononkho chimodzi. N'chifukwa chake mizere yake siifanana kunenepa.

Wongoyamba kumene akaona madanga opanda mayina amathamangira kufunsa kuti, "Jaji wake anali ndani?" Kapena amaloza chala pulogalamu kuti yawonongeka. Mmisiri funso lake loyamba ndi lina: "Mzere uwu unalowa bwanji muno?" Makhoti ambiri amatulutsa tizidziwitso tating'ono taulere nthawi iliyonse pamene chikalata chatsopano chalowa. Kachidziwitsoko kamanena nambala ya mlandu, mayina a otsutsana, ndi mawu awiri atatu ofotokoza chimene chachitika. Dzina la woweruza limakhala pamwamba pa kaundula wathunthu wa mlanduwo, yemwe ndi wogula. Ndiye ngati mlandu unalowa m'nkhokwe kudzera m'kachidziwitso, ndipo palibe amene anagulapo kaundula wake, dangalo lidzakhala pululu ngakhale pulogalamu ili bwinobwino. Palibe chimene chinatayika. Dzinalo silinafikeko n'komwe. Mmisiri amasanja mizere yopanda mayina malinga ndi khomo limene inalowera, kenako malinga ndi khoti, kenako malinga ndi chaka. Akaona kuti mipata yaunjikana pakhomo limodzi, wadziwa matenda asanatsegule mlandu ndi umodzi womwe. Ikaunjikana pakhoti limodzi, amakaona ngati khotilo lili ndi kalembedwe kakekake kamene pulogalamu ikukanika kuwerenga. Ikaunjikana pa milandu ya dzulo ndi dzana, mwina akalaliki sanaipereke kwa jaji aliyense, ndipo mankhwala ake ndi kudikira.

Chinthu chimene ndimachisirira kwambiri mu kamangidwe ka CourtListener n'chaching'ono, moti munthu atha kuchidutsa osachiona. Dzina la woweruza lili ndi madanga awiri. M'danga lina amasungamo mawu ndendende mmene khoti linawalembera, ndi zolakwika zake zomwe. M'danga linalo amaikamo chingwe cholozera kwa munthu weniweni m'kaundula wa majaji, mmene muli tsiku limene anabadwa, makhoti amene anakhalako ndi zaka zake pampando. Danga loyambalo limanena chimene chinalembedwa. Lachiwirilo limanena chimene tatsimikiza. Anthu ambiri odandaula kuti dzina la jaji likusowa amakhala atayang'ana lachiwiri lokha. Akasuzumira m'loyamba amapeza dzinalo lili phee, likudikira wolilumikiza. Amene anaganiza zolekanitsa madanga awiriwa anali ndi nzeru za mboni yabwino pabwalo la mfumu, imene imasiyanitsa chimene inaona ndi maso ndi chimene ikuganiza kuti chinachitika. Ngakhale madeti a majaji akalekale amasungidwa ndi chizindikiro chonena ngati tikudziwa tsiku lenileni, mwezi wokha, kapena chaka chokha. Kusadziwa nako kwapatsidwa malo ake okhala.

Tsono pomanga chingwe chija ndi pamene pali ntchito. Dzina lokha silikwana. Mmisiri amalimanga ndi zinthu zina ziwiri: khoti ndi tsiku. Pa khoti la Supreme la America panakhala ma John Marshall Harlan awiri, agogo ndi mdzukulu wawo. Agogowo anaweruza kuyambira 1877 mpaka 1911, mdzukuluyo kuyambira 1955 mpaka 1971. Apa tsiku limamasula mfundo mosavuta. Chimodzimodzi Owen Roberts, amene anachoka mu 1945, ndi John Roberts, amene analowa mu 2005. Kaundula wodalirika wa zaka zimenezi alipo, wosungidwa ndi bungwe la Federal Judicial Center, ndipo amayambira mu 1789.

Koma bwerani ku New York, kukhoti la apilo lachiwiri. Learned Hand anakwezedwa kupita kumeneko mu 1924, msuweni wake Augustus Hand anamutsatira mu 1927, ndipo anakhala limodzi mpaka Augustus atamwalira mu 1954. Dzina limodzi, khoti limodzi, zaka zimodzimodzi. Zingwe zitatu zija zonse zagwera pa anthu awiri. Osindikiza mabuku a milandu a nthawi imeneyo ankalidziwa vutoli, n'chifukwa chake ankalemba L. Hand kwa wina ndi Augustus N. Hand kwa mnzake. Kachilembo kamodzi kameneko ndiko kanyamula katundu yense. Ndiye taganizirani pulogalamu yopangidwa kuti itsuke mayina, ichotse madontho, maudindo ndi zilembo zoima pazokha, isiye dzina la bambo lokha loyera. Pulogalamu yotere imataya L uja pamodzi ndi zinyalala, ngati mayi wopeta mpunga mwaphuma mpaka mpunga womwe kuuluka ndi mankhusu. Mmisiri amatsuka kope, choyambirira osachikhudza, kuti tsiku limene adzazindikire kuti anapeta mopyola muyezo adzakhale ndi pobwerera.

Mabuku akalewo ali ndi vuto lawolawo. Laibulale ya sukulu ya zamalamulo ku Harvard inajambula mabuku pafupifupi 40,000, momwe muli milandu yoposa 6 miliyoni, ndipo makina ndiwo anasandutsa zithunzizo kukhala mawu. Makina amaona r ndi n zoyandikana n'kuziyesa m, moti Learned amasanduka Leamed, munthu amene sanakhaleko. Wodziwa ntchito amasunga mndandanda wa zophonya zoterezi, ndipo sakonza chilichonse asanayang'ane chithunzi cha tsamba lenilenilo.

Tibwerere kwa a Jackson athu. M'makhoti ambiri a boma la America nambala ya mlandu imathera ndi zilembo zoyamba za mayina a jaji. Ku Washington, KBJ ndi Ketanji Brown Jackson, ABJ ndi Amy Berman Jackson. Loya amaziona zilembozi tsiku lililonse osaziwerengera, koma kwa mmisiri ndi phazi la nyama pamchenga wonyowa. Danga la dzina likhoza kukhala lopanda kanthu, pamene yankho lili kumchira kwa nambala, mzere womwewo. Komabe salumphira. Amadziwa kuti zilembo zitatu zomwezo zikhoza kukhala za munthu wina kukhoti lina, choncho mndandanda wake wa zilembo amaupanga khoti ndi khoti. Amadziwanso kuti nambala zina zimathera ndi magulu awiri a zilembo, lachiwirilo likuimira majisitireti. Majisitireti wa kumeneko amasankhidwa ndi majaji a khotilo kwa zaka 8, amathandiza pa zoyambirira za mlandu, ndipo mbali zonse zikavomera akhoza kugamula mlandu wonse wosakhala waupandu. Mayina a majisitireti mulibe m'kaundula uja woyambira mu 1789, chifukwa iye ndi wa majaji osankhidwa kwa moyo wonse. Munthu atha kutha sabata akufufuza chifukwa chimene dzina lolembedwa bwinobwino likukanira kulumikizika, pamene vuto n'lakuti akusaka mbuzi m'khola la ng'ombe.

Pali malo amene ngakhale tsiku, chingwe chodalirika chija, limaduka. Jaji Stephen Reinhardt wa khoti la apilo lachisanu ndi chinayi anamwalira pa 29 Malichi 2018. Pa 9 Epulo, patapita masiku 11, khotilo linatulutsa chigamulo cha mlandu wa Rizo ndi Yovino, wokhudza kusiyana kwa malipiro a amayi ndi abambo, ndipo wolemba chigamulocho anali Reinhardt yemweyo. Anali atamaliza kulemba asanatsikire kulichete. Pulogalamu yotsata lamulo lakuti jaji azikhala ali pampando tsiku la chigamulo idzaona dzinalo, idzaona tsiku, n'kukana kulumikiza. Ndipo mmene inapangidwira sinalakwe. Munthu ndiye ayenera kubwera, kuwerenga, n'kumanga chingwecho ndi dzanja, chifukwa zoona zake n'zakuti chikalatacho chili ndi dzina la Reinhardt. Malo nawo amanyenga chimodzimodzi. David Souter atapuma pa khoti la Supreme mu 2009 ankakakhala nawo pa milandu ya khoti la apilo ku Boston, ndipo majaji ena amabwerekedwa kukathandiza makhoti amene ntchito yawachulukira. Wofufuza dzina m'gulu la eni khoti okha sangamupeze mlendo.

Nkhani ya Reinhardt inapitirira. Mu Febuluwale 2019 khoti la Supreme linafafaniza chigamulo chija, ponena kuti voti ya jaji womwalira siyenera kuwerengedwa. Chigamulo cha Supreme chimenecho chilibe dzina la wolemba. Ndi cha mtundu umene amautcha per curiam, mawu a Chilatini otanthauza kuti khoti lonse layankhula ndi pakamwa pamodzi. Chigamulo cha mlandu wa Bush ndi Gore cha pa 12 Disembala 2000 chinatulukanso chotero. Apa danga la wolemba likakhala lopanda kanthu ndiye kuti lanena zoona. Ife kuno ku Malawi tinaziona pa 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Michael Tembo ndi a Redson Kapindu, anapereka chigamulo chimodzi chogwirizana pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti. Wina atakupatsani danga limodzi kuti mulembemo woweruza wa mlandu umenewu, mungalembe ndani? Kusankha mmodzi n'kunama, ngakhale dzina mwalembalo lili loona. Mmisiri amalekanitsa amene anakhala pamlandu ndi amene analemba, ndipo pamene khoti layankhulira pamodzi amaika chizindikiro chonena zimenezo, kuti wobwera mawa asadzayese dzenje lofuna kukwirira.

Mipata ina ndi yadala. Nkhokwe ya boma ya ziwerengero za milandu, imene Federal Judicial Center imapereka kwa anthu, ili ndi zambiri za mlandu uliwonse, koma sinena jaji. Ku France anafika patali: lamulo la mu Malichi 2019 linaletsa kugwiritsa ntchito mayina a majaji pofuna kuyeza, kuyerekeza kapena kulosera kaweruzidwe kawo, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 kundende. Mmisiri ayenera kudziwa ngati chitseko chili chongotsekeka ndi mphepo kapena chokhomedwa ndi loko, ndi kuti wakhoma ndani.

Koma chimene chimamusowetsa tulo si danga lopanda kanthu ayi. Ndi danga lodzaza bwino, dzina lolembedwa molondola, lolumikizidwa kwa munthu weniweni, koma wolakwika. Pamwamba pa kaundula wa mlandu pamalembedwa jaji amene ali nawo panopa, kapena amene anautseka. Milandu imasintha manja: jaji wapuma, wadwala, wadzichotsa chifukwa akudziwana ndi mbali ina, wakwezedwa. Ketanji Brown Jackson atakwezedwa kupita kukhoti la apilo mu 2021, asanakafike ku Supreme mu 2022, milandu imene anasiya isanathe inagawidwa kwa anzake. Wogula kaundula wa mlandu wotere lero adzapeza dzina la wolowa m'malo pamwamba, ndi zilembo zatsopano kumchira kwa nambala. Akangokopera dzinalo n'kulimata pa zonse zimene zinachitika mu mlanduwo, zigamulo za zaka zitatu zapitazo zaikidwa m'kamwa mwa munthu amene anali asanauonepo n'komwe. Palibe belu limene limalira. Mzerewo umaoneka wathanzi kuposa anzake onse.

Apa mmisiri amasiya pamwamba n'kutsikira m'mimba mwa kaundula, m'mizere imene akalaliki amalemba tsiku ndi tsiku. Muli mzere wonena kuti mlandu wachoka kwa uyu wapita kwa uyo, ndi tsiku lake. Muli mizere ya malamulo a khoti imene imathera ndi mawu onena jaji amene wasaina. Kuchokera m'timizere timeneti amalukanso mbiri yonse: kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti mlandu unali kwa uyu, kenako kwa uyu. Funso lakuti jaji wa mlanduwu ndi ndani amalisintha kukhala lakuti jaji wa mlanduwu anali ndani tsiku limene chinthu chakutichakuti chinagamulidwa. Ndi ntchito yodya nthawi, yofuna maso ndi mtima wautali. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindinaonepo pamene mwambiwu ukukhala bwino kuposa pa munthu amene akuwerenga mzere wa 47 wa kaundula kuti apeze tsiku limene zilembo zinasintha.

Wina angafunse kuti thukuta lonseli n'lachiyani, poti chigamulo ndi chigamulo, wasaina aliyense. Mu 2020 Adam Pah ndi anzake, ambiri a payunivesite ya Northwestern, anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Science. Anayang'ana milandu ya mu 2016, makamaka ya anthu osauka amene anapempha khoti kuti liwachotsere ndalama yotsegulira mlandu, yomwe nthawi imeneyo inali madola 400. M'khoti limodzi milandu imagawidwa kwa majaji mwamaere, choncho pa milandu yambiri kayankhidwe kawo kanayenera kuyandikana. Anapeza kuti m'khoti lina jaji wina ankavomera mapempho osafika 20 pa 100 alionse, pamene mnzake m'nyumba yomweyo ankavomera opitirira 80. Munthu wopanda ndalama kuloledwa kapena kubwezedwa pakhomo kunkadalira dzina limene maere amugwetsera. Majajiwo mwina sankadziwa kuti akusiyana chotero, poti aliyense amangoona milandu ya patebulo pake. Kusiyanaku kunaoneka chifukwa wina anakhala pansi n'kulumikiza pempho lililonse ndi munthu amene analiyankha. Kukanakhala kuti mayinawo anamatidwa mwachisawawa, jaji wachifundo akanasenza mlandu wa wouma mtima, kapena kusiyanako kukanasungunuka osaonekanso, wosauka n'kupitiriza kubwezedwa popanda wodziwa.

N'chifukwa chake chimene ndimachilemekeza koposa mwa mmisiri ameneyu ndi mphamvu yake yokana. Amakhala ndi bwana amene akufuna tebulo lodzaza, ndi wofufuza amene akudikira kuti ayambe kuwerengera. Njira yachidule ilipo, ndipo palibe angamugwire: pa ma Jackson awiri, sankhani amene anali ndi milandu yambiri chaka chimenecho, mudzalondola koposa theka. Iye amakana. Zingwe zikagwera pa anthu awiri ndipo palibe chowalekanitsa, amasiya danga lachiwiri lija lopanda kanthu, mawu a khoti ali m'malo mwake, n'kulemba chifukwa. Popereka ntchito amanena poyera kuti mizere yakuti ndi yotsimikizika ndi saini, yakuti ndi zilembo za nambala zokha, yakuti yatsala. Wogwiritsa ntchito nkhokweyo amadziwa pamene pali thabwa lolimba ndi pamene ayenera kuponda mosamala.

Tiyerekeze madzulo ena, ali pa mzere wa mlandu wa mu 2015, khoti la Washington. M'danga loyamba mwalembedwa Jackson. Nambala inafika yoduka mchira, zilembo palibe. Chaka chikuvomera onse awiri. Amatsegula chikalata chokhacho chimene wina anagula n'kusiya m'nkhokwe, lamulo la khoti la masamba awiri. Pamutu pake, pafupi ndi nambala, wolemba anataipa zilembo zitatu, ndipo zimenezo sizisintha ngakhale mlandu utasintha manja kangati. Amatsikira kumapeto kwa tsamba lachiwiri kuti aone ngati saini ikugwirizana nazo. Ikugwirizana. Amamanga chingwe, n'kulemba pambali kuti umboni wachokera pa chikalata chiti, tsamba liti.

Mzere wotsatira ndi Jackson winanso, wa mu 2017. Uwu unalowa kudzera m'buku la kafukufuku wina, ulibe chikalata ngakhale chimodzi. Amauika pa mndandanda wa akaundula oti adzagulidwe ndalama ikapezeka, masenti 10 tsamba, amalemba pambali kuti majaji oyenerera ndi awiri, ndi mayina awo onse, n'kupita pa mzere wina.